Egya Essilfie Wozula Zingwe

Ku Sekondi kuno ukatchula Egya Essilfie, anthu amayamba atukwana kenako n'kuseka. Mkuluyu anali mwini bandi ya Akambuku a pa Doko, ndipo anatchuka ndi khalidwe limodzi lonyansa: mnzake akaomberedwa m'manja kuposa iye, ankazemba kupita kuseri n'kumuzulira chingwe cha magetsi. Gitala n'kungoti zii!

Zida zonse zinali zake, anabwera nazo atasiya ntchito yophika m'sitima yapamadzi, ndiye akanamuletsa ndani? Koma mawu akewo, abale inu, ngati mbuzi yoiwalidwa pamvula.

Amene anaona zakuda ndi Kobina Arhin, woimba gitala. Moyo wake wonse anapeka nyimbo imodzi yokha, yotamanda Araba, wogulitsa kenke, nsima yowawasa yokulunga m'masamba, amene anadzakhala mkazi wake. Ankafuna chinthu chimodzi basi: aiimbe pagulu mpaka kumapeto, Araba akumva. Tsoka lake, anthu ankaikonda. Ikafika pakati ankayamba kukuwa, pomwepo Egya wazula.

"Egya, mwazuliranjinso?"

"Magetsi avuta, mphwanga."

"Nanga maikolofoni yanuyo ikulira bwanji?"

"Imadziwa mwini wake."

Pa ukwati wina ku Cape Coast, Kobina anamanga chingwe chake ndi waya. Egya anakazimitsa jenereta yonse, akwati n'kuvinira ng'oma yokha. Anthu atayamba kuyamikira wang'omayo, yemwe analibe chingwe choti n'kuzula, anamulanda timitengo.

Atapita ku Accra kukajambula chimbale chawo choyamba, chomwenso chinali chomaliza, nyimbo ya Kobina Egya anaiika kothera, tepi n'kutha ili pakati.

"Tepi ndi yaifupi," anatero Egya. "Ukufuna ndiikoke?"

Oimba khumi ndi anayi anathawa m'bandimo. Kobina anakhalamo zaka makumi atatu, osati chifukwa cha chikondi, ayi ndithu, koma liuma. Araba ankamuchonderera kuti angomuimbira kunyumba.

"Iyayi, mayi. Udzaimva pagulu, ndi magetsi, mfiti ija ikuona."

Mfitiyo inamwalira chaka chatha, itatsamwidwa ndi munga wa nsomba ili mkati mokalipira woperekera zakudya. Pa maliro, masana dzuwa likuswa mtengo, achibale anapempha Akambuku otsala kuti aimbe. Kobina anavala nsalu yake yofiira ndi yakuda, mtima uli dyokodyoko ndi chimwemwe chimene sanachibise n'komwe. Araba, imvi zili mbuu, anakhala kutsogolo.

Inayamba bwino nyimboyo. Itafika pakati, anthu anakuwa monga kale. Zala za Kobina zinangoima zokha. Anacheuka: chingwe chili m'malo mwake, palibe wachikhudza.

"Pitirizanitu, bambo!" anafuula Araba. "Ndadikira zaka makumi atatu!"

Anayesa. Anayesanso. Mbali yotsalayo sanaiimbepo chiipekereni, ndipo inali itafufutika m'mutu. Anayang'ana bokosi la malirolo.

"Wazulanso, galu iwe."

Anthu anaseka mpaka kugwira m'mimba. Araba yekha sanaseke.

Masiku ano ku Sekondi mabandi amaimba nyimbo mpaka kumapeto, anthu n'kumayasamula, kulibe woti amutukwane. Kobina amakhala pakhonde ndi gitala lopanda magetsi, kufunafuna mbali ija. Araba amakulunga kenke wake pambali pake, ndipo akafika pakati amamuuza kuti ayambirenso.