Kamzere Kotsala pa Khungwa la Mango

Usiku watha, wa Lachiwiri pa 14 Okutobala, ndinalota ndalembedwa ntchito m'kati mwa mtengo wa mango wa pakhomo pathu. Anzanga, mtengowo mukuudziwa. Anaubzala amuna anga, bambo a Ndaziona, mu 1998, chaka chimene mwanayo anabadwa, ndipo mpando wawo umakhala pansi pake. Chiyambire chifuwa chawo mu Juni, aliyense wobwera kudzazonda amasendako khungwa kuti tiwiritse, ngakhale kuti mapiritsi a kuchipatala akumwa. Mwambo umati usende kum'mawa ndi kumadzulo kokha. Koma achibale ndi ambiri, ndipo palibe wofuna kubwerera osathandizapo. Pano thunthu layera kuzungulira. Kwatsala kamzere ka khungwa kokula ngati zala ziwiri, mbali ya kumpoto.

Ndiye m'malotomo ndinali wamng'ono ngati nyerere, nditaima pa tsamba. Tsambalo linali khitchini yaitali yobiriwira, yopanda nkhuni, yopanda utsi.

"Mayi, sunthani pang'ono, mwandiimira pamoto," linatero tsambalo. Moto wakewo linali dzuwa.

Ndinasuntha, ndi kufunsa kuti likuphika chiyani.

"Shuga. Madzi amachokera pansi, mpweya ndimatola umene inu mwatulutsa, dzuwa ndi laulere. Mpweya wabwino wotsalapo ndimakubwezerani. Ndi umene amuna anu amapuma pampando paja."

"Nanga shugayo amadya ndani?"

"Aliyense wa pamtengo pano. Koma yambani ndi mizu. Ili mumdima, siingaphike yokha."

Ndiye linandisenza dengu la shuga, ine uyo, kutsika ndi nthambi. Pakati pa thunthu ndinapeza mipope yambirimbiri, madzi akukwera m'menemo atabereka mchere wa m'nthaka kumsana ngati ana. Ndinati ndilowe nawo, koma madziwo anandikaniza mwaulemu.

"Muno timangokwera, mayi, sititsika. Njira ya chakudya ndi ya kunja, pansi pa khungwa."

Ndinapita kunjako. Mwadzidzidzi ndinaona migolo iwiri ndi mtengo wopingasa, pambali pataima wapolisi wa pamsewu wa mikono yoyera. Anayang'ana dengu langa, nati, "Katunduyu akupita kuti?" Ndisanayankhe, yunifomu yake inayamba kubiriwira, mchira unapotana, munthu uja wasanduka nanzikambe, diso limodzi kumwamba, lina pansi.

"Msewu anaudula ndi mipeni," anatero pang'onopang'ono. "Anaudula anthu abwino okhaokha. Ndinafuna kuwamanga, koma aliyense anabwera ndi moni ndi nthochi za wodwala."

Madengu onse a anzanga osenza shuga ankabwezedwa pomwepo, ankakakhuthulidwa kwa mango a m'nthambi. Mangowo anali atanenepa ngati alendo a pa ukwati, akuseka, akuti chaka chino chokha ndiye tadya. Pamenepo ndinamvetsa chifukwa chake mtengowu wabereka kwambiri chonchi: chakudya chikusowa kotsikira.

Ndiye kunatulukira mlangizi wa zaulimi pa njinga yamoto, chipewa chili pamutu. Anazimitsa njinga nati, "Masamba obiriwira asakunamizeni, mayi. Madzi akukwerabe. Mtengo wotere umayamba kufa pansi, kumwamba uthenga umafika mochedwa." Akulankhula choncho maso ake anachepa, mano anatalika, ndipo anasanduka mfuko, chipewa chokha osavula.

"Mlatho watsala umodzi. Nditsateni, musayang'ane kumbali."

Mlathowo unali kamzere kaja ka kumpoto. Uku ndi uku kunali phompho loyera, louma. Ndinayenda chogwira dengu ndi manja awiri, shuga akutayikira pang'onopang'ono, mfuko patsogolo akuliza belu ngati wanjinga.

Mwadzidzidzi kunada, ndipo kunamveka fungo la dothi lonyowa. Ndinali kwa mizu. Timizu ting'onoting'ono toyera ngati imvi tinkayamwa madzi mwakachetechete. Muzu waukulu unali utakhala pampando, utafunda bulangeti, ndipo unatsokomola. Chifuwa chimenecho ndingachizindikire ngakhale pakati pa msika.

"Make Ndaziona, mwayenda bwanji?"

"Ndayenda bwino. Koma ndabwera nazo zochepa, zambiri zatayika panjira."

"Zochepa zomwezo. Madzi ndinatumiza m'mawa aja afika kumwamba?"

"Afika. Masamba onse ndi obiriwira."

"Basi, ndiye zili bwino. Musakawauze kuti kuno kuli njala, angasiye kuseka."

Ndinakhala pansi, ndi kuyamba kuudyetsa ndi supuni ya tiyi. Unkadya pang'ono, kupuma, kudyanso, monga amachitira amuna anga ndi phala masiku ano. Unandifunsa ngati mawa ndibweranso. Ndinati ndibwera, mlatho ukakhalapo. Ndiye pamwamba pathu panayamba phokoso, shwe, shwe, shwe, dothi likuyoyokera m'dengu. Mfuko uja anavula chipewa.

Ndinadzidzimuka kutayera kale. Phokoso lija linali likumvekabe, kuseri kwa zenera. Anali alamu anga aFanuwelo, mng'ono wawo wa bambo a Ndaziona, akunola mpeni pamwala.

Ndinatuluka chitenje chili m'manja, ndi kukatsamira thunthu mbali ya kumpoto.

"Mwadzuka bwanji, alamu?" anatero. "Ndati ndisende kotsalako. Achimwene atsokomola mpaka m'mawa, ndawamva."

"Kuno ndi kumpoto, alamu. Mwambo sulola."

Anaseka. "Mwambo mwauyamba liti, inu a mapiritsi?"

"Lero."

Anayang'ana mpeni, nayang'ana ine. Maso awo anali ofiira, nawonso sanagone. Kenaka m'nyumba munamveka chifuwa, ndi mawu otsika: "Fanuwelo, tandinyamulire mpando, ndikufuna mthunzi." Anapinda mpeni uja napita.

Pabala ponse pa mtengowo ndamatapo dothi lonyowa ndi kukulunga chiguduli, alamu omwewo ndiwo anandigwirira chingwe. Kuchipatala anati tipitenso Lachisanu tikamve zotsatira za makhololo. Kamzere kaja ndakayeza m'mawa uno: zala ziwiri, monga dzulo. Ngati chodutsa pamenepo chikukwanira mizu, pamwamba pano sizinaoneke.