Phala la mayi a Chisomo

Mpaka lero ndikamadutsa pa kiliniki ya kufupi ndi kwathu ku Nellmapius ndimayenda chozolika, ndipo mtima umandiwawabe. Munthu wamkulu, wandevu zake, kumuyalutsa chonchija chifukwa cha phala?

Akazi anga atabereka Chisomo anaonda kwambiri, moti anesi anawalemba pagulu la amayi oyamwitsa olandira ufa wa phala wa m'mapaketi, uja wongothira madzi otentha. Ine ndimagwira ntchito ya m'gadeni ku Pretoria North, ndipo ndimanyamuka kusanache, m'mimba muli pululu. Tsiku lina ndinalawako supuni imodzi (kungofuna kudziwa chimene akupatsa banja langa, basi). Mawa lake kapu. Pofika sabata yachiwiri ndinkanyamula m'botolo popita kuntchito. Mayi a Chisomo ankaona, koma ankangoti, "Mwatseka bwino paketi, bambo a Chisomo?"

Kenako mwana anayamba kulira ali pabere, kuyamwa n'kusiya, kuyamwa n'kusiya. Ine n'kumati ndi kutentha kwa ku Joni.

Tsiku la sikelo ndinawaperekeza, monga bambo wosamala banja. Makilo a mwana sanakwere. Mayi ake anatsika. Nesi, mayi wina wojintcha wa magalasi, anakwinya nkhope n'kufunsa m'Chingerezi:

"Mama, phala lija mukumwa?"

"Ndikumwa, sisita," anatero akazi anga, maso ali pansi.

"Limakukomerani ndi liti, la vanila kapena la nthochi?"

Akazi anga anayamba kukonzakonza chipewa cha mwana. Ndiye ine, pofuna kuwathandiza, pakamwa panatseguka pokha.

"La nthochi, sisita. La vanila limatsekemera mopitirira, komanso limachita mibulu."

Mzere wonse wa azimayi unatembenuka.

"Eish, achimwene," anatero mayi wina wa kumudzi amene anali kumbuyo kwathu, "ndiye mwanayu aziyamwa inuyo?"

Nesi sanaseke. Anandivulitsa nsapato, n'kundikweza pasikelo anthu onse akuona, nambala yake n'kuilemba pakona pa buku la mwana. Lamulo limeneli analitenga kuti? Ine sindinali wodwala, ndinangoperekeza anthu. Ndinatuluka mwaukali, nsapato zili m'manja.

Panjira ndinkadikira kuti akazi anga andilalatire kuti nanenso ndiyankhe. Iwo anangomanganso bwino nsalu yoberekera mwana n'kunena motsitsa kuti, "Ndimati poti ntchito yanu ndi yolemetsa." Mawu amenewo anandipweteka kuposa sikelo, ndipo kuyambira tsiku limenelo paketi sindinaikhudzenso.

Mwezi wotsatira Chisomo anakwera, mayi ake anakwera, ine ndinatsika. Nesi uja anatiyamikira tonse atatu, mokweza mawu, ndipo sindinamukhululukirebe.