Kachitini Kamene Ndinaba pa Maliro a Amayi

Pali chinthu chimene sindinauzepo mwamuna wanga, alongo anga, ngakhale abusa. Tsiku limene abale ankagawa katundu wa malemu amayi, ine ndinaba. Sichinali chinthu chachikulu ayi, kachitini chabe ka polishi ya nsapato kosupuka utoto. Koma kuba n'kuba basi, ndipo kachitiniko kanandilipiritsa pamaso pa anthu.

Amayi anamwalira chaka chotsatira chilala chija tinkadya chimanga chachikasu. Ine ndinali ndi pakati pa miyezi isanu, satifiketi yanga ya uphunzitsi ya ku Chalimbana ili yatsopano pakhoma. Kumudzi kwathu, cha ku Kanakantapa, maliro akatha katundu yense wa malemu amatulutsidwa pabwalo, akuluakulu n'kumagawa: chitenje kwa uyu, mphika kwa uyo. Palibe amene amadzisankhira. Ine anandituma kukatulutsa za kuchipinda, ndipo nditatukula matiresi ndinaona kachitini kaja. Ndinakazindikira pomwepo. Kuyambira ndili wamng'ono, amayi akamva kuti mwana wa uje walowa liwombo, ankamanga kachitinika pansonga ya chitenje n'kunyamuka ndi mnzawo wapamtima, Ba Esinati. Ankabwerako maso ali psuu, akufwenthera, ine n'kumati chifundo chawagwira. Ndinakalowetsa m'bulauzi (mimba inandithandiza kubisa) n'kutuluka ndi mabulangete ngati munthu wabwino.

Chochititsa manyazi n'chakuti amayi ali moyo, ine ndemwe ndinkawaseka. Ndikabwera patchuthi ndinkawalalikira kuti liwombo likalowa ndiye kuti madzi atha m'thupi mwa mwana, mankhwala ake ndi madzi owiritsa a shuga ndi mchere, osati zopakapaka za pamutu. Iwo sankatsutsa. Ankangoti, "Iwe na mabuku yako. Uzabala, tizaona."

Ndinabereka, koma iwo sanaone.

Mwanayo tinamutcha Dalitso. Sindikudziwa ngati ku Chongwe konse kunali mayi wamantha kuposa ine. Akagona nthawi yaitali masana ndinkamudzutsa kuti ndione ngati ali moyo, akadzuka n'kulira ndinkada nkhawa kuti akuliriranji. Bambo ake ankagwira ntchito ku Lusaka, ankabwera Loweruka lokha. Mayi wina aliyense wachisodzera anali ndi amake owathamangira. Ine ndinali ndi satifiketi ndi kachitini.

Dalitso ali ndi miyezi isanu ndi iwiri anayamba kutsegula m'mimba. Linali Lolemba. Lachiwiri m'mawa ndinamugwira pamutu, liwombo lalowa ngati kasupuni, maso ali lobodo, kuyamwa akukana. Zochita ndinkazidziwa bwino, ndinali nditaziphunzitsa ana a giredi sikisi mwezi womwewo. Ndinawiritsa madzi, ndinathira shuga ndi mchere, ndinayamba kumumwetsa ndi supuni. Koma mumtima ndinkangoti, amayi akanakhalapo, amayi akanakhalapo. Kenaka ndinakatsegula sutikesi imene ndinabisamo kachitini kaja.

M'kachitinimo munali ufa wakuda, wosalala. Nditanunkhiza, misozi inangoyamba yokha, pakuti linali fungo lenileni la chitenje cha amayi, lija ndinkalimva akandikumbatira. Sindinakayikenso. Ndinasakaniza ufawo ndi mafuta odzola n'kumata paliwombo (sindinamane ayi, ndinamata ngati ndikuzira nyumba), n'kumuveka chipewa cha ulusi. Madzi aja ndinapitiriza kumumwetsa, kuti amayi ndi satifiketi agwirire ntchito limodzi.

Mwana anayetsemula. Ndinati matenda ayamba kutuluka. Anayetsemulanso kanayi motsatizana, nanenso ndinayetsemula. Ndinati mankhwala ndi amphamvu, n'kuwonjezerako pang'ono. Atayamba kulira mosalekeza, nkhope ili gwaa, mantha anandibwerera onse. Ndinamubereka kumsana n'kuthamangira kumsewu kukakwera minibasi ya ku boma.

Unali Okutobala. Minibasi inali yodzaza, mawindo awiri osatseguka, ndipo mafuta aja anayamba kusungunuka n'kutsika pachipumi pa mwana ngati matope. Mayi wa pambali panga, amene ananyamula dengu la repu, anayetsemula. Bambo wa tayi kumbuyo kwathu anayetsemula. Kenaka mzere wonse.

"Imwe ba mayo," anatero wa repu uja akupukuta maso, "mwana mwamuzola chani?"

"Ni mafuta chabe."

"Mafuta ya bwanji yamene yapweteka bantu so?"

Dalaivala anafuula kuti amene wanyamula tsabola wa mpilipili aike pamwamba pa galimoto. Ine ndinangoyang'ana kunja, kuwerenga mitengo.

Kukiliniki anandilowetsa msanga ataona mwana. Namwino wake ndinkamudziwa, mwana wake anali m'kalasi mwanga.

"Ba ticha, shani? Mwana wachita chani?"

Ndinafotokoza zonse mwa dongosolo, kupatula chimodzi. Iye anavula chipewa chija. Anayang'ana mutu wa Dalitso, anandiyang'ana ine, anatsegula pakamwa kuti alankhule, n'kuyetsemula mpaka kachipewa kake koyera ka unamwino kanapendekeka.

"Ba ticha. Imwe? Imwe bamene muphunzisa bana batu?"

"Ni mankhwala ya amayi," ndinatero chapansipansi. "Yamene banasiya."

Chitseko chinali chotsegula, ndipo pabenchi panja panali Ba Esinati, atabwera kudzapimitsa miyendo yawo yotupa. Atamva za amayi analowa osagogoda. Anapaka chala pamutu pa mwana n'kununkhiza. Kenaka anakhala pansi, pasimenti penipeni, n'kuyamba kuseka. Anaseka mpaka mawu anatha, akumenya pansi ndi dzanja.

"Mayo ine! Ni nsunko uyu! Mwana wanga, wazola muzukulu fodya wa m'mphuno wa amako!"

Benchi yonse inamva. Namwino sanaseke (anaseka pambuyo pake, ndinamumva kuseri). Anasambitsa mutu wa Dalitso ndi sopo kawiri, anandiuza mosapsatira kuti fodya pakhungu la khanda angathe kulipweteka koopsa, ndipo kuti chimene chamuthandiza kufika ali ndi mphamvu ndi madzi aja. Anatikhazika pakona, ine ndi kapu ndi supuni, n'kunena kuti sitichoka mpaka mwana akodze. Sindinayambe ndadikirapo mkodzo ndi mtima wonse chotero. Cha m'ma thili koloko thewera linanyowa, Dalitso anagwira bere n'kuyamwa ngati ali ndi mlandu nalo.

Ba Esinati anandidikirira pansi pa mtengo panja. Ndinawafunsa ngati zonse zija zokaona ana odwala zinali zabodza.

"Awe, bana tinali kubaona zoona. Amako banali kuuza amake mwana ati peleka ku chipatala, osachedwa. Manje pobwela tinali kunkala pachulu paja pa munda wa ba Mwale, tafaka kamodzi kamodzi, taseka bamuna batu, tabwela kunyumba. Zaka twente-faifi, atate ako sibanaziwe."

Atate ndi mkulu wa mpingo, munthu amene akaona wosuta amawoloka msewu. Amayi ankatsogolera nyimbo za amayi a chigwirizano, bulauzi yoyera yosita bwino. Ndinayesa kuwaona m'maganizo atakhala pachulu, miyendo atatambalitsa, akuyetsemula ndi kuseka atate. Kwa chaka chathunthu ndinkangowakumbukira ali pamphasa, ataonda. Tsiku limenelo ndi limene ndinayamba kuwakumbukira akuseka. Tinalira pang'ono tonse awiri, kenaka Ba Esinati anati, "Wasalako mu kachitini? Usataye, ni wabwino uja." Ndipo anawonjezera kuti, "Atate ako usabauze. Ungabapaye."

Loweruka atate anabwera panjinga kudzaona mdzukulu wawo. Anamupeza akukwawa, akuluma mwendo wa mpando. Tsoka ilo, kachitini ndinali nditakasiya pawindo. Anakayang'ana nthawi yaitali, ine ndikudikira mlandu wa kuba. Iwo anavula chipewa.

"Ka amako aka. Kamene banali kuyenda nako ku bana odwala." Anakanyamula pawindopo. "Ndiye kamene kapoletsa mwana?"

Ndinayang'ana nkhope yawo, mmene inawalira. Ndinati, "Ee, atate."

Mawa lake anaimirira m'tchalitchi kuthokoza Mulungu kuti mkazi wawo, ngakhale anagona, wachiritsa mdzukulu wake. Lolemba ndikuchokera kusukulu ndinapeza amayi atatu pakhonde panga, aliyense mwana kumsana, akufuna mankhwala a malemu.

Apa ndiye ndinatuluka thukuta. Kuwapatsa sindikanatha. Kuwauza zoona kunali kuvula amayi pamaso pa mpingo wonse ndi kuswa mtima wa atate. Kuwabweza chimanjamanja, mmodzi wa anawo anali atafookadi. Ndinawalowetsa kukhitchini n'kutereka madzi. Ndinawauza kuti amayi anandilangiza kuti kachitini sikatsegulidwa pamaso pa anthu, ndipo mankhwala ake sapaka, amamwa. Ndinawaonetsa muyeso wa shuga ndi mchere, aliyense anayesa yekha kawiri. Kenaka ndinatenga kachitini n'kugogoda nako katatu pamphika (musandifunse kumene ndinazitenga). Ndinamaliza ndi lamulo lakuti mankhwalawa sagwira ngati mwana safika kukiliniki tsiku lomwelo. Onse atatu anapita.

Papita zaka zitatu tsopano, ndipo amayi a ana odwala akubwerabe. Ena amachokera ku Palabana panjinga. Namwino uja akandiona amangopukusa mutu n'kunena kuti, "Ba ticha, tumani benangu." Atate akakhala pagulu salephera kutchula za mphatso imene mkazi wawo anasiyira mwana wake wamkazi, ndipo Ba Esinati akakhala pomwepo amayamba kutsokomola n'kutuluka panja.

Ine ndimaphunzitsa ana kuti bodza ndi tchimo, ndipo Dalitso ndayamba kale kumukalipira akanama. Atate akukalamba, ndipo nthawi zina ndimaganiza kuti mwina akanakonda kumudziwa mkazi wa pachulu uja asanamutsatire. Nthawi zina ndimati ayi, asiyeni ndi wa bulauzi yoyera. Inu amene mwawerenga, ndiuzeni: ndinachita bwino kuwayankha atate kuti ee?