Tsiku Limene Ndinabweza Mkwatibwi ndi Ng'oma

Mukadzapita ku kicheni pate ku Mtendere kapena ku Kalikiliki n'kuona mayi wina wamfupi atakhala kumapeto kwa benchi, akuliza kang'oma kaja amapatsa ophunzira, musadzamufunse kuti kale ankaliza iti. Ndine ameneyo. Kwa zaka zambiri ng'oma yaikulu inali yanga, ndipo azimayi ankati ndikaigwira ngakhale wodwala msana amadzuka pampando. Inandichoka Loweruka lina masana, pamaso pa anthu odzaza tenti. Palibe anandichitira nsanje, palibe anandilodza. Ndinadzichita ndekha.

Ntchito yanga ya masiku onse ndi salaula, kugulitsa zovala zovalidwa kale zochokera kunja. Belo ndimakatenga ku Kamwala, n'kudzagulitsa patebulo langa pamsika wa kwathu ku Mtendere. Aliyense wa salaula amadziwa kuti usanapachike jekete uyenera kupisa m'matumba. Umapezamo matikiti a basi a kumayiko osadziwika, switi wosungunuka, nthawi zina magalasi a maso. Tsiku lina, m'jekete yakuda ya mwana wa sukulu, ndinapezamo kanthu kotalika ngati chikhatho changa, galasi pakati, mabatani uku ndi uku. Ndinayesa foni (ndinakaika ndi pakhutu pomwe, ndisabise).

Ndinakapereka kwa ba Yusufu, okonza mafoni, amene kantemba kawo, kashopu kakang'ono, kanayang'anana ndi tebulo langa. Anakatembenuza, anakauzira mpweya, kenako anati, "Iyi si foni, amai, ni gemu. Nisiyileni, nizaisakila chaja."

Patapita masiku awiri anandikodola. Atakayatsa, ndinaona dziko limene sindinalionepo. Kumwamba kunali kofiirira ngati papaya wakupsa, mitengo yakuda ngati yodulidwa ndi sizasi pansalu, udzu ukugwedezeka pang'onopang'ono. Pansi pa mitengoyo panaima tianthu ting'onoting'ono, ena mikondo m'manja, ena mauta, ena zishango. Tianthuto tinangoima phee, ngati anthu odikira basi.

"Aba sibayenda na batani ya kusogolo," anatero ba Yusufu. "Bamvela chabe ng'oma. Mabatani aya yanayi, iliyonse ni ng'oma yake."

Anayesa kundionetsa, koma zala zawo zinkathamanga. Tianthu tija tinkayenda phazi limodzi, kenako n'kuima, n'kumayang'anana mosokonezeka. Mtima unandiwawa ngati ndikumva munthu akuwononga nyimbo.

"Nipaseni," ndinatero.

Kachitidwe kake nkosavuta kufotokoza. Iwe umaliza kanayi, kenako umaleka, iwo amayankha ndi nyimbo kanayinso kwinaku akuchita zimene wawauza. Ukaliza ndi-ti-ndi-ndi, amapita patsogolo. Ukaliza pha-pha-ndi-pha, amaponya mikondo. Ukaliza gu-ti-ti-gu, amabwerera m'mbuyo msangamsanga. Sungawadule pakamwa akuyimba, ndipo sungachedwe ikafika nthawi yako. Musananyamuke umasankha opita nawo, n'kuwandandalika: a zishango kutsogolo, a mauta kumbuyo, poti a mauta ndi ofooka thupi. Ndiye ukaliza nthawi yaitali osaphonya, nyimbo yawo imakwera, amayamba kudumphadumpha ngati agwidwa, ndipo mkondo uliwonse umalasa.

Ba Yusufu anaona tianthu tikudumpha m'manja mwanga, anangoti, "Awe, amai, iyi gemu inabwelela imwe."

Mundimvetse. Ndili ndi ana anayi. Ndikati tsukani mbale, amayamba ndi kufunsa kuti dzulo anatsuka ndani. Amuna anga amawotcherera mageti ku Kalingalinga, ndipo makutu awo anazolowera phokoso la chitsulo moti mawu a munthu sawamva (makamaka anga). Tsono apa panali gulu lonse lodikira dzanja langa lokha. Ndikati tiyeni, ankapita. Ankadutsa m'chipululu, m'nkhalango ya nkhungu, pamvula imene inkagwa yopanda matope, akuyimba, ine ndili nawo limodzi. Fumbi la pamsika, ntchentche, wailesi ya ogulitsa chibuku, zonse zinkapita kutali.

Zinayamba pang'ono. Masana makasitomala akachepa ndinkakatulutsa. Kenako ndinayamba kukatulutsa ngakhale makasitomala alipo. Mtsikana wina anandifunsa mtengo wa siketi katatu, ine ndinamuyankha kuti, "Yembekeza, bakali kuyimba." Anayang'ana uku ndi uku kufuna oyimbawo, anaika siketi pansi, anapita.

Kenako zinalowa m'thupi. Ndikamachapa, manja ankamenya beseni kanayi n'kudikira. M'minibasi kondakitala akamenya chitseko kuti dalaivala anyamuke, ndinkaona kuti wasiya kumodzi, ndiye ndinkamalizitsa pabondo langa. Tsiku lina ndinakapereka chakudya kwa amuna anga kuntchito, ndinapeza akukhoma chitsulo ndi hamala, ndinaima pamenepo ndi mbale m'manja mpaka anandigwedeza phewa.

"Amake bana, muli bwino? Mwendo wanu siuleka masiku yano."

"Niyeseza nyimbo za pa Sabata," ndinanama.

Ndiye ndinafika pa chilombo. Chinali chachikulu, chobiriwira, cha khosi lalitali, mutu uli ndi nyanga. Chinkagona panjira. Mukachilasa kwakanthawi chinkadzuka pang'onopang'ono, n'kutambasula khosi, n'kukweza mutu, kenako n'kulavula moto. Nzeru yake inali yoti chikangoyamba kukweza mutu, uliziretu gu-ti-ti-gu, anthu ako abwerere moto usanawapeze. Ine ndinkachita umbombo. Ndinkafuna kuponya mikondo kamodzi kena, ndipo nthawi zonse ndinkachedwa. Sabata yathunthu ndinawotchetsa anthu anga. Ankabwereranso amoyo ndikayambiranso, inde, koma ndinkachita nawo manyazi.

Loweruka la sabata imeneyo kunali kicheni pate ya Taonga, mwana wa mnzanga wa kutchalitchi. Mtsogoleri wa gulu lathu ndi ba Nyirenda, alangizi odziwika, amene anandikhulupirira pa ng'oma yaikulu kuyambira kale. M'mawa ndikusita chitenje ndinati ndiyese kamodzi kokha. Zinayenda bwino kuposa masiku onse. Nyimbo inakwera, anthu anga akudumpha, chilombo chikudzandira. Chinayamba kutambasula khosi, chala changa chili kale pa batani, basi galasi linada bii. Batire latha. Ndinathamangira pa soketi, malaiti anali atapita.

Ndinanyamuka kupita kuphwando anthu anga nditawasiya pansi pa khosi la chilombo.

Kwa amene simunalowepo mu kicheni pate, mkwatibwi salowa choyenda. Amalowa chokwawa ndi maondo, atafunditsidwa chitenje chachikulu pamodzi ndi alangizi ake, ndipo onse awiri saona kutsogolo. Maso awo ndi ng'oma. Imawatsogolera pang'onopang'ono mpaka pamphasa, pomwe a kuchimuna amadzamuvundukula. Tsiku limenelo woyendetsa mwambo anaika maikolofoni pafupi ndi ng'oma yanga kuti imveke mpaka kumsewu.

Kunali kutentha kwa Okutobala. Tenti inali yofiirira, ndipo dzuwa polowa m'nsalu yake linkapaka aliyense mtundu wa papaya uja. Ndinayamba kuliza, anzanga awiri a ng'oma zing'onozing'ono akunditsata, azimayi akuyankha nyimbo. Ine kanayi, iwo kanayi. Chitenje chinatulukira pakhomo, chikuyenda monyang'ama, kuima ndikaima, kuyenda ndikaliza. Sindikudziwa kuti ndi pati pamene Mtendere anandichokera. Mizati ya tenti inasanduka mitengo yakuda ija. Nthungululu zinkamveka kutali, ngati tsidya la mtsinje. Mphepo inkagwedeza udzu umene panalibe. Ndinamva mtendere waukulu, poona anthu anga ali bwinobwino, akuyenda, akundimvera.

Kutsogolo, pampando wa ulemu, panakhala ba Jelita, azakhali a mkwati, ochokera ku Chawama. Ndi mayi wamtali, wathupi, ndipo tsikulo anavala diresi lobiriwira lonyezimira, ndi duku lomangidwa mokweza, nsonga ziwiri zitaloza kumwamba. Mkwatibwi atayandikira mphasa, iwo anayamba kudzuka pang'onopang'ono, poti maondo amawavuta. Anatambasula khosi, anakweza mutu kuti aimbe nthungululu.

Ulendo uno sindinachedwe.

Gu-ti-ti-gu! Gu-ti-ti-gu! Ndipo pakamwa panga panatuluka mawu amene maikolofoni inawapereka kwa anthu onse mpaka ogulitsa malasha kumsewu: "Bwelelani! Bwelelani kumbuyo! Chinyama chanyamuka!"

Anzanga a ng'oma zing'onozing'ono anazolowera kunditsata osafunsa, ndiye anatsata. Pansi pa chitenje, ba Nyirenda ndi Taonga anamva liwu limene amalikhulupirira likuti kuli chinyama. Sindinkadziwa kuti munthu angakwawe chafutambuyo mwaliwiro lotero. Chitenje chinabwerera ngati chakokedwa ndi chingwe, chinakagunda tebulo la mphatso. Mapoto, zidebe, masefa, mbale zagalasi, zonse pansi. Mayi wina kumbuyo anakuwa kuti, "Njoka!" Pamenepo mipando inayamba kugwa, ena anakwera pamwamba pake, wina anatuluka ndi mwana wa mnzake poyesa wake.

Ndinadzidzimuka ndi chivindikiro cha poto chimene chinagubuduka n'kudzagona paphazi langa. Manja anga anali m'mwamba, maso anga ali pa ba Jelita. Ndipo aliyense amene anatsata maso angawo anafika pa ba Jelita.

Tenti yonse inati zii. Iwo anali chiimire, kukamwa kukadali kotsegula pang'ono, nthungululu itafera pakhosi.

"Chinyama nindine?" anafunsa motsitsa mawu.

"Awe, ba anti, si imwe," ndinatero. "Ni chinangu. Chili monga imwe chabe."

(Mpaka lero ndikakumbukira yankho limeneli ndimaluma chitenje.)

Ba Nyirenda anatulutsa mutu pansi pa nsalu, duku litapendekeka, anandiyang'ana kamodzi kokha. Sanakalipe. Anauza mnzanga wina kuti atenge ng'oma yanga, ine anandilozera kuseri kwa nyumba kumene ankatsukira mbale. Ndikudutsa ndinamva Taonga akusisima m'chitenjemo, ndipo mpamene ndinaona kuti sizinali zoseketsa. Mwana wa eni anadikira tsiku limeneli miyezi yambiri. Anamulowetsanso kachiwiri, mwambo unatha, koma a kuchimuna anadya mwakachetechete ndipo ananyamuka msanga. Madzulo, amake a Taonga anandipeza ndikutsuka mapoto opindika aja.

"Manje bazakamba kuti kwatu timaitana bapongozi kuti tibatukane," anatero, misozi ili m'maso. "Mwana wanga azankala bwanji ku banja ija?"

Ndinangopitiriza kukwecha poto.

Lachitatu lake ba Nyirenda ananditenga kupita ku Chawama, nkhuku yoyera ili m'manja mwanga. M'minibasi monse sanandilankhule, kupatula pomwe anandigwira bondo kuti lileke kugwedera. Tinapeza ba Jelita pakhonde akusankha nyemba. Ndinagwada, ndinapereka nkhuku, ndinafotokoza zonse kuyambira pa jekete. Ndinanena kuti Taonga ndi amake alibe mlandu, wopusa ndine ndekha. Anandimvera osaphethira.

"Muli nako apa ako kantu?"

Ndinali nako (musandifunse chifukwa chake).

"Nionetseni chinyama chamene nifanana nacho."

Ndinakayatsa, ndinaliza mpaka tinafika pa chilombo. Ba Jelita anavala magalasi, anayandikitsa nkhope. Anachiona chikudzuka, chikutambasula khosi, nyanga zili m'mwamba. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenako mapewa awo anayamba kugwedezeka, anavula magalasi n'kupukuta m'maso.

"Duku yeve ni yanga," anatero. "Koma ine nilibe mamba."

Ba Nyirenda anapuma mpweya umene ndikuganiza anaugwira kuyambira Loweruka. Ba Jelita anati nkhani yatha, Taonga ndi mwana wawo, palibe adzamunena. Koma ndikutambasula dzanja kuti nditenge kanthu kanga, anakaika m'thumba la diresi.

"Aka kazankala kuno. Imwe mufunika kupola."

Ndinavomera. Ndinabwerera kunyumba manja ali lende, ndipo kunena zoona ndinayamba kupola. Makasitomala ndinkawayankha kamodzi. Mwendo unaleka. Ndinadziuza kuti ndaphunzira, mayi wa ana anayi sayenera kutsogolera nkhondo pa nthawi ya ntchito.

Patatha masabata atatu Taonga anabwera pamsika, ali wosangalala, atanenepa masaya. Anasankha bulauzi, kenako anandinong'oneza.

"Ba anti banituma. Bakuti kaja kantu kazima, mubatumizile chaja. Bakuti futi mubauze ngati ba mauta bafunika kunkala kusogolo olo kumbuyo."

Chaja inali m'chikwama changa momwemo. Munthu wophunzira akanangoipereka kwa mwanayo, nkhani n'kuthera pomwepo. Ine ndinayamba kupinda zovala, ndinapempha ba Yusufu kuti andiyang'anire tebulo.

"Pa zinthu izi sibatuma munthu," ndinamuuza Taonga. "Nizapeleka neka."