Chaka Chimene Zozizwitsa Zinachepa kwa Antoni Woyera

M'mudzi wina, umene dzina lake sititchula chifukwa eni ake akadali moyo ndipo ena mwa iwo amawerenga nyuzipepala, muli chiboliboli cha Antoni Woyera chimene chaima pansi pa mtengo wa mbawa kwa zaka makumi asanu.

Mbiri yake ndi yotere. Wansembe wina ankapita nacho ku parishi yakutali atachimangirira kumbuyo kwa njinga yamoto. Atafika pamudzipo njingayo inazima, ndipo inakana kulira mpaka atamutsitsa woyerayo. Wansembe anati adzamutenga Loweruka. Loweruka limenelo silinafikebe.

Sabata yomweyo mayi wina amene khasu lake linasowa anakagwada pamenepo, poti anamva kuti Antoni Woyera ndiye amapeza zinthu zosowa. Anapemphera mokweza kwambiri moti mudzi wonse unamva, kuphatikizapo amene anali ndi khasulo. M'mawa mwake khasu linapezeka pamapazi a woyera, lili ndi mpini watsopano.

Kuyambira pamenepo zinthu zinayamba kupezeka: nkhwangwa, ndowa, nkhuku, pampu ya njinga. Mbuzi ina inasowa ili yokha n'kupezeka patapita miyezi isanu ndi umodzi ili ndi ana awiri, ndipo mpaka lero imawerengedwa ngati zozizwitsa zitatu. Palibe ankafunsa kuti zinthuzo zafika bwanji pamtengopo. Woyera nayenso sankafunsa. Munthu amene mtima wamutentha ankapeza potulira katundu popanda kuonedwa nkhope, mwini katundu n'kuthokoza kumwamba, mudzi n'kukhala pamtendere.

Koma woyera wogwira ntchito bwino amadzithera yekha ntchito. Anthu anatopa n'kuba zinthu zimene mkucha adzazisenzanso kupita nazo kumbawa. Kuba kunatha. Munthu ankatha kusiya njinga panjira n'kuipeza madzulo wina ataisunthira pamthunzi. Zozizwitsa zinauma ngati dambo la mu Okutobala.

Izi sizikanavutitsa aliyense pakanapanda chikondwerero cha zaka makumi asanu. Bambo mfumu a parishi analonjeza kudzachita Misa pamtengopo pa 13 Juni, tsiku la woyerayo, ndipo mudzi unasankha Komiti Yaikulu Yoona za Zozizwitsa, Mbiri Yake ndi Kusesa Pamalo. Wapampando anali a Pankrasi, amene ankavala jekete ngakhale popita kuchigayo. Mboni Yaikulu anali mayi Perepetuwa, ndipo udindo wawo unali woona ndi maso chozizwitsa chilichonse, ngakhale chitachitika iwo ali kumunda. Mlembi Wamkulu anali Venansio, kalipentala wachinyamata, chifukwa anaphunzira sukulu yamadzulo ndipo zilembo zake zinkaima mowongoka.

Venansio anali ndi mkazi, Bibiyana, ndi mwana wamkazi wa miyezi isanu ndi inayi, Yankho. Mwanayo sankagona asanagwire chala cha bambo ake, moti masiku ena Venansio ankadya ndi dzanja lamanzere, lamanja lili mu ukapolo. Sankadandaula. Ankati ukapolo wotere anthu ena amaupempherera zaka.

Pamsonkhano woyamba Venansio anatsegula buku lakale la zozizwitsa n'kuwerenga mpaka kumapeto.

"Zilipo 82, a Tcheya."

"Werenganinso."

"Ndawerenga kawiri. Chomaliza chinachitika zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Inali sefa ya ufa."

A Pankrasi anavula magalasi. "Zaka makumi asanu, zozizwitsa 82? Alendo akamva adzati woyera wathu ndi waulesi. Pofika pa 13 Juni zikhale zana limodzi."

"Nanga poti palibe chikusowa?" anafunsa mayi Perepetuwa.

"Ndiye tizithandize kusowa. Aliyense wa m'komiti ayambire kunyumba kwake. Sikuba kumeneku ayi. Tikungomupatsa woyera chochita. Munthu wongokhala amadwala."

Anagwirizananso kuti chinthu chikasowa chizikhala masiku atatu chisanapezeke, chifukwa, monga anafotokozera a Tcheya, chozizwitsa chofulumira sichikoma.

Ntchito inayenda. A Pankrasi anasowetsa magalasi awo, n'kuwapeza, n'kuwasowetsanso, ndipo popeza anali a magalasi awiri, lamanja ndi lamanzere, zinalembedwa zinayi. Mayi Perepetuwa anabisa wailesi ya amuna awo m'nkhokwe, koma bata limene linagwa panyumba linawakomera kwambiri moti anapempha komiti kuti chozizwitsacho chichedweko sabata ina. Zinafika 98. Mlembi yekha ndiye anali asanapereke kanthu.

Sikuti Venansio ankakana. Vuto linali lakuti m'nyumba mwake munalibe chinthu chongokhala. Akabisa poto, agona ndi njala. Akabisa bulangete, Juni sakhululuka. Akabisa macheka, wadzibisira yekha ntchito. Anazungulira nyumba masiku awiri mpaka maso ake anagwa pa kabuku ka kusikelo ka Yankho, kamene kankakhala pansi pa zovala m'sutikesi. Kameneka, anaganiza motero, kamagwira ntchito kamodzi pamwezi. Palibe avutike.

Anakatenga Lolemba. Sikelo inali Lachiwiri.

M'mawa umenewo Bibiyana anatembenuza nyumba yonse. Anakutumula mphasa, anakhuthula sutikesi, anafufuza mpaka m'dengu la chimanga. Venansio anaima pakhomo, kabuku kali m'bokosi la zida zake, lamulo la masiku atatu lija likulira m'mutu. Anatsegula pakamwa kuti anene zoona, koma zimene zinatuluka zinali zina.

"Tiyeni tipemphe kwa Antoni Woyera, amake Yankho."

Bibiyana anapita kusikelo chimanjamanja. Kumeneko anamufunsa pamaso pa azimayi onse ngati mwanayo analidi wake, ndiponso ngati tsiku lina sadzataya mwana weniweniyo. Yankho sanayezedwe. Bibiyana anabwerera maso ali ofiira, ndipo masiku awiri otsatira anakagwada kumbawa ndi mtima wonse, mwamuna wake atagwada pambali pake ngati munthu wokhala pa linthumbu.

Lachinayi m'mawa kabuku kanapezeka pamapazi a woyera. Mayi Perepetuwa analuluta. A Pankrasi analengeza nambala 99. Bibiyana anakatola n'kuona kuti woyerayo, poopa mame, anakakulunga bwinobwino m'pepala. Anatambasula pepalalo. Linali la m'kope, ndipo panali masamu a sukulu yamadzulo, olembedwa ndi zilembo zoima mowongoka.

Anabereka mwana, anatenga kabuku, anawoloka mtsinje kupita kwa amayi ake.

Nyumba inakula. Venansio ankadya ndi dzanja lamanja tsiku lililonse, ndipo chakudya sichinkatsika. Kawiri anafika pamtsinje n'kubwerera, chifukwa kupepesa kunkatanthauza kuulula chinsinsi cha komiti, ndipo iye anali Mlembi Wamkulu. Tsiku lachisanu anaganiza njira imene inamuonekera yanzeru. Anapita kwa a Pankrasi atanyamula buku.

"A Tcheya, ndabwera kudzalembetsa chosowa."

"Mwachita bwino, a Mlembi. Chatsala chimodzi. N'chiyani?"

"Mkazi wanga ndi mwana."

"Ali kuti?"

"Kwa apongozi, kutsidyaku."

"Mukudziwa kumene ali?"

"Ndikudziwa. Ndimaona utsi wa kukhitchini kwawo ndili pakhonde panga."

"Ndiye sanasowe amenewo. Malamulo a komiti ndi omveka. Chimene mwini wake akudziwa pamene chili sichingapezeke."

Venansio ankafuna kukumbutsa a Tcheya za magalasi awo, koma mayi Perepetuwa analowa akupuma mwawefuwefu.

"A Tcheya, chakwana. Amake Yankho anandipeza pamjigo. Akuti ndilembetse kuti mwamuna wawo wasowa."

"Ine ndili pano," anatero Venansio.

"Ndinawauza choncho. Akuti amene ali kunyumbayo sakumudziwa. Wawo anasowa Lolemba la sabata yatha."

A Pankrasi anaimirira pang'onopang'ono, nkhope ikuwala. "Munthu. Chiyambire sitinapezepo munthu. Makasu, mbuzi, sefa, koma munthu wathunthu wa miyendo iwiri, pamaso pa bambo mfumu. A Mlembi, lembani nambala 100, kenako mukasambe. Loweruka mukhala pamapazi a woyera."

Venansio sanakane. Anaona kuti ngati pali njira yoti Bibiyana awoloke mtsinje, ndi imeneyi.

Tsiku la chikondwerero anthu anadzaza mpaka kumsewu. Azimayi a kwaya anavala chitenje chofanana, alendo ochokera kumidzi ina anakhala pamabenchi a kusukulu. Misa itatha, onse anatembenukira kumbawa, kumene Mlembi Wamkulu wa Komiti Yaikulu anakhala pansi, miyendo itatambasulidwa, pamalo pamene kale pankapezeka nkhuku. Ali pomwepo anakweza maso n'kuona chinthu chimene ankachiona tsiku ndi tsiku osachilabadira: woyerayo ananyamula Mwana m'manja, tsaya litagunda patsaya. Zaka makumi asanu, mvula ndi dzuwa, sanamutulepo. Venansio anayang'ana manja ake n'kuwabisa pakati pa mawondo.

"Mwini katundu abwere kutsogolo," analengeza a Pankrasi.

Bibiyana anatuluka m'khamu, Yankho ali kumsana.

"Mayi, chinasowa n'chiyani?"

"Mwamuna wanga."

"Woyera wayankha. Ndi ameneyu?"

Bibiyana anamuzungulira Venansio modekha, ngati munthu wosankha mbuzi pamsika. Anayang'ana kumbuyo kwa khosi, anayang'ana nsapato.

"Malaya ndi omwewo, ndinasita ndine. Chipsera cha macheka pachalapo n'chomwecho. Koma wanga sankanama. Mwina uyu ndi wa munthu wina. Mufunse m'khamumu."

Kuseka kunayambira kumabenchi a alendo. Yankho anasuzumira paphewa la mayi ake, anaona bambo ake, n'kuyamba kudumphadumpha m'chitenje atatambasula manja.

"Taonani, mwanayo wamuzindikira," anatero a Pankrasi mwachangu.

"Mwanayu amachita chomwecho akaona tambala wa agogo ake."

"Mayi, anthu akudikira. Mungovomera, zina mukakambirane kunyumba."

"Nditenge katundu wa eni? Pamaso pa woyera?"

Anatembenuka kuti azipita. Venansio anaona msana wa mkazi wake, ndi kankhope ka Yankho katapotokera kumbuyo kumufunafuna. Anaimirira.

"Amake Yankho, kabuku kaja ndinabisa ndine."

"A Mlembi," ananong'oneza a Pankrasi, "katundu salankhula."

"Ndinakatenga m'sutikesi Lolemba. Munkafufuza kali m'bokosi langa, ine ndikuonerera. Munanyozedwa kusikelo chifukwa cha ine, ndipo ndinagwada nanu limodzi kupempha chinthu chimene chinali m'manja mwanga. Tinagwirizana m'komiti kuti zozizwitsa zikwane zana, ndiye tinayamba kubisa zinthu. Ndinaopa a Tcheya kuposa mmene ndinakumverani inu chisoni. Ndinalakwa. Ndikhululukireni."

Kenako mawu a mwamuna wachikulire anachokera kumbuyo.

"Ndiye kuti wailesi yanga ija, Perepetuwa?"

Mboni Yaikulu inayamba kuyang'anitsitsa chala chake cha kuphazi. Bambo mfumu anaphimba nkhope ndi buku la nyimbo, ndipo mapewa awo ankagwedezeka mwanjira imene ena anati ndi pemphero.

Bibiyana anabwerera. Anamuyang'ana mwamunayo nthawi yaitali, kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndi ameneyu," anatero. "Wapezeka."

Anamasula chitenje n'kumupatsa mwana. "Munyamuleni, wandithyola msana sabata yonse. Ndipo sikelo ya mwezi wamawa mupita naye ndinu. Mukakhale pamzere ndi azimayi, mukafotokoze nokha kumene kabuku kanali."

"Ndipita," anatero Venansio, mawu akutsamira m'tsitsi la Yankho. "Ndikafika woyamba."

Azimayi a kwaya anayambitsa nyimbo popanda wowauza, ndipo khamu lonse linavina mpaka fumbi linafika m'nthambi.

Madzulo a tsiku lomwelo Komiti Yaikulu inakhala msonkhano wadzidzidzi. Zozizwitsa zonse za chaka chimenecho zinafufutidwa mosavuta, kupatula magalasi a Tcheya, amene anatenga nthawi. Kenako inafika nkhani ya nambala 100. Mayi Perepetuwa anati iwo anaona ndi maso awo mwamuna akunena zoona pamaso pa mkazi wake, wansembe ndi mudzi wonse, popanda womuopseza, ndipo pa zaka zawo zonse za umboni chimenechi chokha ndicho anachionadi. Anakambirana mozama. Pomaliza a Pankrasi anapereka chigamulo, ndipo Mlembi anachilemba m'buku monga anachimvera: zimene zinachitika kumbawa sizingawerengedwe ngati chozizwitsa, chifukwa zinachitika popanda chilolezo cha komiti.