Mphuno ya a Chikhosi

Achinyamata inu, mwambi umene mumaumva munthu akagwa m'ngozi uja unayamba motere.

Ku Dowa kunali mlimi wina wa fodya, a Chikhosi. Mkuluyu anali ndi mphuno ya galu. Akanunkhiza tsamba limodzi, ankadziwa kuti fodya wayamba kuola mkati mwa mtolo. Koma kuumira kwake, ee! Ngakhale mchere ankaupempha kwa anansi.

Wantchito wawo Lufeyo ndiye ankakwera m'chigafa kukapachika fodya kuti aume. Tsiku lina anatsika msanga n'kupita kwa a Chikhosi.

"Bwana, mitanda ija yadyedwa ndi chiswe. Tigule ina pamodzi ndi makwerero. Mutagulitsa mbuzi imodzi zingatheke."

"Mbuzi yanga?" anakuwa a Chikhosi.

Analowa m'chigafa n'kununkhiza mtengo uliwonse mwachifatse.

"Akumveka bulugama weniweni uyu. Kukanakhala ngozi, mphuno iyi ikanandiuza. Kwera!"

"Pepani bwana, ndili ndi ana anayi, ndipo khosi ndili nalo limodzi lokha," anayankha Lufeyo.

A Chikhosi anapsa mtima. Anavula jekete, nasenza fodya, n'kukwera okha. Akanangopachika n'kutsika mwina akanapulumuka, koma matama anawapweteketsa. Atafika pamwamba anayamba kudumphadumpha pa mtanda.

"Waona, wamantha iwe?"

Mtanda unathyoka. Unakoka unzake, unzakewo unakoka denga. Fodya wa chaka chonse ndi mwini wake yemwe anapezeka m'matope, poti inali nthawi ya mvula.

Lufeyo sanaseke, anamva chisoni. Anawafukula m'udzu wa dengalo n'kuwanyamula pa njinga mpaka kuchipatala. Mwendo unali utathyoka. Fodya wambiri anaola, ndipo mbuzi zisanu zinatuluka m'khola kuti ntchito isaime.

Atachira, a Chikhosi anagula mitanda yatsopano, makwerero, ngakhale majombo a antchito. Lufeyo akati apa pakonzedwe, ankakonza tsiku lomwelo. Palibe anagwanso, anthu ankalimbirana kukagwira ntchito kwawo, ndipo khola linadzazanso.

Koma anthu saiwala. Pa mowa wina mnzawo anawafunsa, "Nanga achimwene, mphuno yotchuka ija inali kuti tsiku lija?"

A Chikhosi anasisita mwendo wawo nati, "Abale, musandiseke. Kununkhiza ndinanunkhiza ndithu, koma tsoka silinunkha."