Tsiku limene mpopi wanga unatulutsa mbululu

Mpaka lero ndikamva mpopi ukutsokomola kuti kho! kho! osatulutsa kanthu, manyazi amandigwira. Mkazi wanga amadziwa zimenezi, ndiye amachita dala kundiyang'ana cham'mbali n'kufunsa kuti, "Bambo, tikatenge paipi ya dizilo ija?" Ana amangoseka osadziwa mutu wake. Lero ndati ndiulule ndekha, chifukwa nkhaniyi akamaifotokoza iyeyo amathiramo mchere wambiri.

Ine ndinabadwira m'mphepete mwa nyanja, kwa asodzi. Kwathu madzi sitinkawaganizira n'komwe. Kumwa, kusamba, kutsuka mbale, zonse ungotsetsereka pamchenga basi. Munthu akanabwera n'kutiuza kuti kwina madzi amagulitsa, tikanamukhazika pamthunzi n'kuitana abale ake kuti adzamutenge.

Zaka zimenezo nkhondo ya ku Mozambiki inali itavuta, anthu akulowa m'dziko muno ndi timitolo pamutu. Ine ndinapeza ntchito pa lole yonyamula ufa ndi nandolo kupita kwa othawa nkhondowo. Ntchito yanga inali kukweza matumba, kumanga tenti ndi kuthira dizilo (kuyendetsa ayi, ngakhale kumudzi ndinkawauza kuti ndine dalaivala). Pa maulendo amenewa ndi pomwe ndinaonana ndi Esinati, ku Katuli, akuchokera kuchitsime chakutali ndowa ili pamutu, khosi litachita kuuma. Tinakwatirana bwinobwino. Koma mwa mwambo wa kwawo ine ndinali mkamwini: mkazi amakhala kwa amayi ake, ine ndizingoonekera lole ikadutsa. Ukwati wotani womadikira ufa wa othawa nkhondo? Ndinafuna kumutenga tikakhale limodzi pa boma, ku Mangochi.

Mwini mbumba anali amalume ake, a Che Bwanali, munthu wa mzikiti, wolankhula pang'onopang'ono ngati akuwerenga mawu ake asanawatulutse. Nditapempha, anandiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Akamwini, m'tauni mwana wathu akukapeza chiyani chimene kuno kulibe?"

Apa m'pamene pakamwa panandipweteketsa. Ndinali nditangopeza kanyumba ka lendi kokhala ndi mpopi pabwalo, ndiye ndinadzigunda pamtima.

"Amalume, kwanga madzi amachita kubwera okha pakhomo. Esinati sadzasenzanso ndowa moyo wake wonse."

"Chabwino," anatero. "Tikakolola ndibwera naye ndidzaone. Ndikakhutira, atsala. Ndikapanda kukhutira, tibwerera limodzi."

Tsopano tamverani za mpopiwo. Polowa m'nyumba ija, eni ake anandiuza kuti, "Za madzi muziona nokha." Ndinapita ku ofesi ya madzi, ndinapereka ndalama yoti alembe dzina langa, basi ndinatuluka ndikuimba mluzu. M'mutu mwanga ndinali nditagula mpopi. Kwathu ukagula bwato, lako ndi lako. Palibe amene amabwera mwezi ukatha kudzakulipiritsa nyanja.

Kuseri kwa nyumba yanga kunkakhala amayi ena othawa nkhondo, amene anasungidwa ndi abale awo m'tauni momwemo. Wamkulu wawo anali mayi Luwiza, munthu wamfupi, wosaseka wamba, amene ankaphika zitumbuwa n'kumagulitsa pamsika. Tsiku lina anaima pampanda ndi chidebe chake, akuchita manyazi.

"Achimwene, mjigo uli kutali. Tingatungeko? Tizikupatsani kangachepe."

Ndinakwiya zenizeni. Ine, mwana wa kunyanja, kugulitsa madzi? Agogo anga akanadzuka m'manda. "Mayi, tungani," ndinatero. "Auzeninso anzanu. Madzi samanana."

Anawauzadi anzawo, anzawowo n'kuuzanso anzawo. Posakhalitsa pabwalo langa pankachita mzere wa ndowa kuyambira mbandakucha. Ine ndinkadutsa pakati pawo ngati nduna, ndikuyankha moni uku ndi uku.

Zikanathera pomwepo bwenzi zili bwino. Koma mtima wa usodzi sunandichoke. Ndinakumba kadziwe pafupi ndi mpopi, n'kuikamo timilamba tamoyo kuti amalume akadzabwera adzadye nsomba yochokera pakhomo. Ndipo popeza msodzi aliyense amadziwa kuti madzi ongoima amanunkha, ndinkasiya mpopi ukuchucha usana ndi usiku, ngakhale ndikapita ku ulendo. Madzi osefukira ndinawakumbira ngalande yopita ku nthochi ndi nzimbe zimene ndinadzala. Pabwalo panabiriwira ngati dimba, chilimwe chili pakati.

Pansi pa mpopi panali kachitsulo kagalasi, mkati mwake muli kamuvi kozungulira. Ndinkakakonda kwambiri. Ndinkaganiza kuti kamasonyeza kuti madzi ali ndi mphamvu, moti kakamathamanga ndinkanyadira. Mwezi uliwonse kunkabwera bambo wina panjinga, n'kugwada, kupukuta galasilo, n'kulemba m'buku. Ulendo wina anapukuta kawiri, n'kuvula magalasi ake.

"Akulu, kodi muli ndi fakitale muno?"

"Ayi, tikungoyesayesa," ndinayankha modzichepetsa. (Ndinkayesa akundiyamikira.)

Mapepala ankabweranso, olembedwa m'Chingerezi, ndipo Chingerezi changa chinkathera pa moni. Ndinkaona dzina langa pamwamba n'kumati awa ndi malisiti otsimikiza kuti mpopi ndi wangadi. Ankayatsa bwino mbaula, osanama. Kenako kunabwera lina la zilembo zofiira. Limenelo ndinalimata pakhoma chifukwa linali lokongola. Mayi Luwiza ataliona anandifunsa ngati ndinapita nalo ku ofesi, ine ndinawayankha kuti asadandaule, za m'tauni muno ndimazidziwa.

Uthenga unafika kuti amalume ndi Esinati abwera Loweruka. Lachisanu ndinatsika lole kuchokera ku Chiponde, fumbi thupi lonse, ndikuganiza zosamba. Pabwalo panali zii, popanda ndowa ngakhale imodzi. Ndinapotokola mpopi. Kho! Kho! Mphepo yokhayokha. Kuyang'ana pansi, kachitsulo kanga kaja akamanga ndi waya, kamuvi kali duu.

Ndinathamangira ku ofesi ya madzi ndi pepala lofiira lija m'manja, ndikufuna kuwauza kuti mpopi wawo wafa. Pawindo panali mayi wina wonenepa bwino, akudya chinangwa chootcha. Anayang'ana pepalalo, n'kuyang'ana ine.

"Ndinu inuyo? Takhala tikufuna kukuonani nkhope. Mpopi sunafe, bambo, tadula. Simunalipirepo bilu chilowereni m'nyumba."

"Kulipira chiyani? Ndinagula kale!"

"Munagula chiyani?"

"Mpopi! Ndipo madziwo mumawatunga mu Shire momwemu, ndimakuonani. Madzi a mu Shire ndi a Mulungu."

Anthu amene anali pamzere anayamba kusendera pafupi. Mayi uja anaika chinangwa pansi mosapupuluma.

"Ndi a Mulungu ndithu, sindikukana. Tengani ndowa mupite ku Shire, ng'ona zikakulolani mukatunge, palibe akakufunseni tambala. Koma mukafuna kuti madziwo akwere okha mtunda, athiridwe mankhwala, akupezeni pakhomo muli chikhalire, pamenepo pali injini imene imamwa mafuta. Inu simugwira ntchito pa lole? Ufa mumanyamula uja ndi waulere, koma lole imayendera madzi?"

Anandifotokozera kuti kachitsulo kaja ndi mita, ndipo kamuvi kakazungulira ndiye kuti ndalama zikutuluka m'thumba mwanga. (Ndinakumbukira mmene ndinkakachemerera kakamathamanga.) Atanditchulira ngongole yonse, ndinaona kuti malipiro anga a mwezi sakanafika ngakhale pakati. Koma mayiyo sanali woipa mtima. Anati ndikhoza kumapereka pang'onopang'ono, ndipo ndikafikitsa theka adzatsegula. Za mawa lokha anati ndiiwale.

Munthu wanzeru akanapita kukadikira amalume pa siteji n'kuwauza zoona. Ine ndinapita kwa dalaivala wathu kukabwereka sipanala, mgolo wopanda kanthu ndi paipi imene tinkapopera dizilo.

Mpopi wanga unaima motsamira mpanda wa udzu wa bafa. Ndinamasula mutu wake, n'kuulowetsa kukamwa kwa paipi ya dizilo, n'kumanga ndi malegeni. Paipiyo ndinaibowoleza mumpanda mpaka pa mgolo umene ndinaukweza panjerwa mkati mwa bafa. Pomangirira ponse ndinakulungapo chiguduli ngati ndikuteteza dzuwa. Nanga madzi? Kupita ku mjigo ndi ndowa, ine mwamuna, anthu akuona? Ndinatunga m'kadziwe ka milamba kaja, ndikusefa ndi malaya. Nditayesa, madzi anatuluka ndithu. Ndinadziuza kuti amalume angoona kamodzi, ndiye zinazo tidzaziona Esinati atatsala.

Anafika dzuwa lili paliwombo. Esinati anali atavala chitenje chatsopano, kamtolo kake m'manja, maso ali pa nthochi zanga. Mtima wanga unasungunuka. Amalume anazungulira pabwalo manja ali kumbuyo, akugwedeza mutu. Ndinayamba kupuma bwino. Kenako anayang'ana kumwamba.

"Akamwini, nthawi ya swala yakwana. Ndisambe kaye m'manja ndi m'mapazi. Musavutike ndi beseni, mpopi si uwu?"

Anapinda manja a mkanjo wawo woyera, ananjuta, n'kupotokola. Madzi anatuluka, obiriwira pang'ono, pamwamba pali timizere tonyezimira. Amalume ananunkhiza, n'kukwinya mphuno. Mpopi unatsamwa, unatsokomola, kenako phwa! M'chikhato mwawo munagwera mbululu yonenepa, ikupukusa kamchira.

Amalume anaiyang'anitsitsa mbululu ija nthawi yaitali.

"Akamwini," anatero mwaulemu wonse, "kodi boma layamba kugawa ndiwo m'mipopi?"

Nthawi yomweyo malegeni anamasuka, mutu wa mpopi unatsala m'manja mwawo, paipi n'kuyamba kulavulira madzi a dizilo pa mkanjo uja. Esinati anaphimba kumaso ndi chitenje. Sindinadziwe ngati akulira kapena akuseka. Ine ndinagwada m'matope momwemo n'kuulula zonse, kuyambira mapepala a pambaula mpaka mgolo wa m'bafa. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamvepo kwina.

Amalume sanakalipe. Anaika mbululu ija m'kadziwe bwinobwino, n'kutembenukira kwa mwana wa mlongo wawo uja. "Esinati, usamasule mtolo."

Mawu amenewo anandilasa kuposa mbama. Ndinadziwa kuti ndamutaya, ndipo ndamutaya ndi manja anga.

Tili chomwecho, kumpanda kunamveka "Odi!" Anali mayi Luwiza, ndowa pamutu, kumbuyo kwawo kuli amayi ena aja, aliyense ndi yake. Anali ataona alendo akulowa, ndipo ankadziwa kuti pakhomo pauma. Anatula ndowa zija pakhonde, madzi oyera mbee a ku mjigo. Mayi Luwiza anagwada patsogolo pa amalume n'kuwapatsa moni m'Chiyao, kenako anayang'ana mkanjo, paipi, ndi ine m'matope. Anamvetsa zonse popanda wowauza.

"Bambo," anatero, "munthuyu nzeru za m'tauni alibe, zimenezo sitingamuikire kumbuyo. Koma ife tinafika kuno opanda ngakhale chikho. Makomo ambiri mipopi anaimanga ndi loko atationa. Khomo loyamba kutiuza kuti tungani linali lino. Ngongoleyo tinamwa nawo, ndiye tisonkha nawo. Ya milamba yokhayo alipire yekha."

Amalume anavula mkanjo uja. Anatunga madzi m'ndowa ya mayi Luwiza, anasamba, anabwereka malaya anga a kutchalitchi, n'kukaswali pansi pa nthochi. Ine ndinangoima poteropo ngati mbuzi yogulitsa. Atamaliza anandiitana.

"Wabodza sindimufuna. Koma bodza lanu ndi lopusa kwambiri moti sindikukhulupirira kuti munazolowera kunama. Ndipo munthu amene anansi amamusenzera madzi asanapemphe, mwana wathu sangafe ndi ludzu pakhomo pake. Esinati, masula mtolo." Ndisanayambe kuthokoza anakweza chala. "Mapepala a madzi azisunga ndi mkazi. Chinanso, munalonjeza pamaso panga kuti mwanayu sadzasenzanso ndowa. Mpopi wauma, koma lonjezo silinaume."

Milamba tinadya madzulo omwewo, yonse, pamodzi ndi amayi aja. Kadziwe ndinakwirira. Ngongole inatitengera miyezi ndithu, amayi akusonkha za zitumbuwa, ine ndikusiya fodya, mpaka tsiku lina bambo wa njinga uja anabwera kudzadula waya. Kuchokera pamenepo Esinati ndiye ankawerenga mita, ndipo mwezi ukatha aliyense wotunga ankaponya kake m'chitini popanda kukangana. Wodutsa ndi ludzu yekha ndiye sindinaphunzire kumulipiritsa, ndipo sindidzaphunzira.

Koma miyezi yonse ija mpopi uli chiumire, anthu a m'dera lathu ankaona zachilendo m'mawa uliwonse: mzere wa amayi ukuchokera ku mjigo, mayi Luwiza patsogolo, ndipo kumapeto kwenikweni mwamuna wamtali, nkhata pamutu, madzi akumukhavukira m'khosi, ana akumuimbira m'manja. Esinati ankandidikira pakhonde atakhala pampando, n'kundilandira ndi ulemu wonse kuti, "Takulandirani, bambo. Mwatayatu ambiri lero."

Ndowa sanasenzedi mpaka lero.